Lestina Namakhwa ndi Nyimbo ya Mabatani

Lestina Namakhwa anawoloka mtsinje wa Ruo ali kumsana kwa amayi ake, m'zaka zimene Apwitikizi ankamanga anthu zingwe m'chiuno kuti akawagwirire ntchito. Za ulendowo sankakumbukira kanthu. Iye anazindikira ali kale m'malaini a esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, imene anthu ankangoitchula kuti kwa Msuzumire, chifukwa mzungu wake anali ndi chizolowezi chosuzumira m'dengu la munthu aliyense ngati wagwetseramo singano. Dengu lake loyamba Lestina analibereka mawere asanamere, ndipo zala zake zinada ndi utomoni wa tiyi moti sopo anazilephera moyo wake wonse.

Sanali wokongola, komanso sanali wofatsa. Anali wamfupi, wa mapewa ngati mwamuna, koma pakhosi pake Mulungu anaikapo chinthu. Akaponya nyimbo ali pamwamba pa mtunda, othyola tiyi a kuchigwa ankavomera osadzutsa n'komwe mitu. Nyimbozo sankaphunzira kwa munthu. Zinkangomubwerera manja ali m'masamba. Ankaimba za kapitao wokulitsa mgwazo kwa akazi amene amukana, za mayi wonyowetsa masamba kuti alemere pa sikelo, za bambo wogona atavala nsapato kuopa akuba. Anthu ankaseka mpaka kugwira m'mimba, kupatulako woimbidwayo. Lestina ankadziwa kuti nyimbo imaluma, ndipo kulumako ndi kumene kunkamukomera. Mtsikana wina wotsimphina anamuimba mpaka mwana wa eni ake anasamuka pa esitetipo, koma Lestina sanapepese.

Womuvomera wake wamkulu anali Marita, wa khomo loyandikana ndi lake, wamkulu kwa iye ndi zaka zingapo. Mawu a Lestina anali okwera ngati mluzu, a Marita a pansi, okhuthala, ndipo akaphatikizana ngakhale munthu wa chisoni ankapezeka akugwedeza phazi. Pa ukwati, pa mowa, pa tchopa, ankaitanidwa awiriwa. Mchere ankapemphana, ana ankalererana. Marita yemweyo ndiye anamulandira Joan, mwana yekhayo wa Lestina, pa tsiku lobadwa. Mwamuna wa Lestina, Douglas, ankagwira ntchito m'fakitale. Anali munthu wachete, wosayambana ndi aliyense, ndipo mumtima mwake munali chinthu chimodzi chokha: ukapitao.

Nkhondo ya azungu itakula, lole za Keyala zinayamba kukwera mitunda ya Thyolo kudzasaka anyamata oti akakhale asilikali. Poyamba ankanyengerera. Ankabwera ndi bandi ya malipenga, n'kuonetsa nsapato ndi malamba, ndipo anyamata ena ankakwera okha akusekerera. Odzipereka atachepa, Boma linauza mafumu kuti iliyonse ipereke anthu. Mfumu yaikulu ya deralo inali ndi njala yoti Boma liione, koma ana a abale ake sinafune kuwakhudza. Inayambira m'malaini, kwa ana a obwera, Alomwe opanda kokadandaula. M'chaka cha 1942 lole inanyamula anyamata a pa laini ya Lestina. Pakati pawo panali Everson, mwana woyamba wa Marita, ndi Yesaya, mlongo wake wa Lestina, amene iye anamulera yekha amayi awo atamwalira. Panalinso Leonard, mwana mmodzi yekha wa mayi wina wamasiye wa kumapeto kwa laini.

Sipanapite nthawi, mfumu ija inayamba kuoneka itavala jekete lakuda la mabatani owala, mphatso yochokera ku Boma.

Nyimbo inamubwerera Lestina m'mawa wina wa chiperoni, nkhungu itaphimba mizere ya tiyi moti munthu sankaona mnzake wa pambali. Anaiponya m'nkhungumo:

Mfumu yavala jekete,
batani lililonse ndi mwana wa munthu.
Ili ndi Everson, ili ndi Yesaya,
ili ndi Leonard wa amake mmodzi.
Nkhondo njawo,
maliro ngathu.

Marita anavomera misozi ili chuchuchu, ndipo pofika ku sikelo munda wonse unali utaidziwa. Inafalikira ngati moto wa m'chilimwe. Ankaiimba akazi kudambo, ankaiimba amuna podulira tiyi, ana ankadumphira nayo chingwe. Tsiku lina akuchapa, Marita anamukoka pambali.

"Achemwali, nyimbo ndi yabwino, koma mawu akuti maliro aja bwanji tiwachotse? Anawa ali moyo."

"Ndikachotsa maliro itsala nyimbo ya ku Sande sukulu," anayankha Lestina akufinya chitenje. "Muisiye iwawe. Ikapanda kuwawa samva."

Marita sanatsutsenso. Anapitiriza kuvomera.

Chaka chotsatira kunali msonkhano pa bwalo la mpira la esiteti. Kunabwera Bwana Disi ndi mfumu ija, nakhala pansi pa chisakasa pamodzi ndi Msuzumire, ndipo kuseri kwa mitengo ya bulugama kunaima lole ya Keyala. Lestina ndi gulu lake anauzidwa kuti aimbe yolandirira alendo. Anaiyambadi yolandirirayo, maseche ali m'manja. Koma dzuwa linagunda pa chifuwa cha mfumu, mabatani aja n'kuthwanima, ndipo iye anatembenuza maso n'kuona lole ikudikira ndi chitseko chakumbuyo chili yasa. Mwina unali mkwiyo, mwina kunali kufuna kuti anthu akasimbe m'nyumba zawo kuti Lestina saopa munthu. Iye mwini sankatha kusiyanitsa ziwirizi. Anangomva pakamwa pake patatembenuka.

Akazi aja anavomera ndime yoyamba mwa chizolowezi. Atazindikira chimene akuimba, mawu anayamba kuthothoka limodzi limodzi. Marita ndiye anali womaliza kutseka pakamwa. Lestina anaitsiriza yekha, chala chili kuloza mabatani.

Bwana Disi anawomba m'manja, poti sanamve kanthu. Kenako anafunsa kalaliki wa esiteti, mnyamata wa kabudula woyera dzina lake Stewart, kuti mayiyo akuti chiyani. Stewart anawerama n'kumasulira liwu ndi liwu, osasiya ngakhale limodzi.

Lestina sanamangidwe. Mfumu inangoseka n'kunena kuti kulira kwa chule sikuletsa ng'ombe kumwa madzi. Koma lole pochoka madzulo amenewo inadzaza ndi anyamata a pa laini yake, ena mwa iwo ndevu zisanamere, pamene malaini ena anangoperekako mmodzi kapena awiri. Msuzumire naye analamula kuti pa laini imeneyo pasamvekenso ng'oma, pasafululidwe mowa, ndiponso nyama imene esiteti inkagawa Loweruka isamafikeko mpaka nkhondo itatha.

Anthu omwe aja amene ankaimba nyimboyo kudambo anayamba kuiiwala kuti anaiimbapo.

"Pakamwa pa munthu mmodzi patidyetsa masamba okhaokha," ankatero amuna akamuona akudutsa.

"Mwana wanga akanakhala pano," anatero mayi wina akumulavulira kumapazi. "Iwe unabereka mtsikana, n'chifukwa chake umaimba zimene ukufuna."

Ena anapita nazo patali. Ankati ana awo akumenya nkhondo ngati amuna, avala yunifolomu, akwera sitima ya pamadzi, ndiye mkazi wosadziwa ndi kulemba komwe akuwasandutsa mabatani. Ku tchalitchi akuluakulu analengeza kuti wonyoza mafumu wanyoza amene anawaika, ndipo Lestina anauzidwa kuti azikhala pa benchi ya kumbuyo, asayandikire mgonero.

Zonsezi akanazipirira. Chimene chinamuthyola msana chinachitika kumunda. M'mawa wina anaponya nyimbo yakalekale, yosanena munthu, yongothandiza manja kufulumira. Anaima podikira kuti avomere. Kunali zii. Ankangomva masamba akuthyoka, thyo, thyo, thyo, mbali zonse. Anaponyanso, mokweza. Marita anali mzere wachitatu kuchokera pamene iye anali, ndipo Lestina anamuona akuthyolabe, maso ali m'tiyi. Nyimbo yopanda woivomera imakhala ngati munthu wovula pa msika. Anaileka pakati, ndipo kapitao anaseka mokweza kuti aliyense amve.

Kunyumba Douglas anali atasiya kumuyang'ana kumaso.

"Amake Joan, ukapitao wandipitirira. Aupereka kwa munthu amene ndinamuphunzitsa ine ntchito. Mukudziwa chifukwa chake."

"Ndinanama pamene ndinaimba?"

"Zoona zanuzo tidya?"

M'chaka cha 1944 mesenjala wa Boma anafika pa njinga, chisoti chofiira chili kumutu, n'kuima pakhomo pa Marita. Everson anali atafa ndi malungo m'nkhalango za ku Bama, dziko lakutali kumene ankamenya nkhondo. Lestina atamva kulira anathamanga kuti akagwire mnzake. Marita anamuyang'ana ngati akuona njoka, ndipo akazi awiri anamukankhira Lestina kunja. Mvula isanathe, njinga yomweyo inabweranso, ulendo uno pakhomo pa Lestina. Yesaya anaphedwa ndi chipolopolo powoloka mtsinje.

Lestina anagwa pansi n'kulira mpaka mawu anasasa. Ankaganiza kuti tsopano anthu aona kuti nayenso waferedwa. Koma pa laini anthu anali akuwerenga zina. Nyimbo inatchula Everson, Everson wapita. Inatchula Yesaya, Yesaya wapita. Ndani sadziwa kuti mfiti imayambira pa mwana wa mnzake, n'kubwera pa m'bale wake? Dzina lotsala linali limodzi. Amake Leonard anasiya kudya, akumayenda khomo ndi khomo akufunsa kuti kodi anthu angoonerera mpaka mwana wawo naye adyedwe.

Poti mtembo wa Yesaya unatsala kutali, akuluakulu anakulunga thunthu la nthochi m'nsalu kuti likaikidwe m'malo mwake. Akuluakuluwo anamuletsa Lestina kupita kumanda. Anati wakupha salira.

Anamubwerera Lamulungu masana, anthu atangotuluka m'tchalitchi, ena mabuku a nyimbo ali m'manja. Anali akazi okhaokha, Marita ndi amake Leonard ali patsogolo. Amuna anaima chapatali pansi pa mtengo wa mapeyala. Douglas anakhala pa khonde akusoka nsapato yake.

"Tuluka, ubweze nyimbo yako!" anakuwa amake Leonard.

Lestina anatuluka. "Nyimbo amabweza bwanji, amayi? Kodi si inu nomwe munkaivomera?"

Limeneli ndiye linali liwu lolakwika. Anamugwetsa pansi, wina n'kumukhalira pa miyendo, awiri n'kugwira manja. Marita anagwada pafupi ndi mutu wake ali ndi chipande cha tsabola wosinja wosakaniza ndi phulusa.

"Ndinakuuza," anatero Marita ndi mawu ake a pansi aja. "Ndinakupempha kuti uchotse maliro. Unati iwawe. Lero imva kuwawa."

Anamukanula pakamwa ndi mpini wa mthiko, mano awiri akutsogolo n'kuthyoka, ndipo anamuthira tsabola uja mpaka kukhosi. Akatsokomola ankamuwonjezera. Kenako anamudzutsa, magazi ndi phulusa zili mbwee pa chibwano, n'kumuyendetsa laini yonse kuti pa khomo lililonse anene kuti: Leonard si batani, Leonard abwera, nyimbo ndameza. Ana ankatsatira pambuyo akuseka ndi kumutengera kalankhulidwe ka pakamwa potupa. Pa khomo lomaliza anakomoka, ndipo anamusiya pomwepo padzuwa. Atatsitsimuka anakwawa yekha kubwerera kwawo. Douglas anali atamaliza nsapato imodzi, wayamba inzake.

Nyumba za m'malaini zinali za mwamuna wogwira ntchito, osati za mkazi. M'sabata yomweyo Douglas anakauza kapitao wamkulu kuti banja latha, ndipo Lestina anauzidwa kuti achoke pa malo a esiteti. Mwa mwambo wa kwawo mwana anali woti atsate amake. Koma Joan, amene anzake anali atamutopetsa ndi dzina lakuti mwana wa mfiti, anakabisala kwa azakhali ake, ndipo Douglas anati amulipirira sukulu ya mishoni. Lestina anaima pakhomopo akuitana, katundu ali pamutu. Mwanayo sanatuluke.

Nkhondo itatha, Leonard anabwera wamoyo, wonenepa, atanyamula bokosi lachitsulo ndi gitala. Pa laini panaphikidwa mowa. Aliyense anati: mwaona, tikanapanda kumubwezetsa nyimbo mayi uja, uyunso tikanamulira.

Nthawi imeneyo Lestina anali ku Bvumbwe. Anafikako wapansi, wosadziwa munthu, ndipo amene anamutola anali Eneless, mayi wamasiye wogulitsa tomato ndi kabichi m'mbali mwa msewu wa ku Limbe. Eneless anali wa kampingo kena kakang'ono kopemphera pansi pa mtengo, kosalowa za dziko. Sanamufunse za mano othyoka. Anamupatsa mphasa, n'kumusendezera malo pambali pake kumsewu. Anakhala limodzi choncho zaka zoposa khumi. M'njala ya 1949 anadya limodzi zitsa za nthochi, napulumuka onse awiri. M'zaka zonsezo Lestina sanaimbe pa anthu. Nyimbo zinkabwerabe, poti sizipempha chilolezo, koma iye ankazitafuna n'kuzimeza, ogula n'kumangoona mayi wamagweru akugwedeza milomo pa mulu wa tomato.

Kenako dziko linatembenuka. Anthu anakana chitaganya, atsogoleri anamangidwa n'kumasulidwa, ndipo pofika 1960 paliponse panali mbendera ndi misonkhano ya chipani. Tsiku lina galimoto inaima pa msika wa kumsewu, n'kutuluka bambo wonenepa wa tayi. Anali Stewart, kalaliki uja, tsopano tcheyamani wa chipani m'dera lonse la maesiteti. Anavula chipewa.

"Mayi Namakhwa, dziko lakukumbukirani. Inu munalimbana ndi atsamunda ife tikadali m'tulo. Tikufuna mudzaimbe pa msonkhano."

Lestina anamuzindikira. Anafuna kumufunsa ngati Chingerezi chake chikadali chakuthwa monga kale, koma njala yoimbanso pa anthu inali itamugwira kale. Eneless anamuuza madzulo kuti, "Amene anakulavula akakutolanso, usaganize kuti wasanduka shuga." Lestina anamva, koma anapita.

Anamugulira chitenje chatsopano, namukweza pa nsanja pa bwalo lomwe lija la mpira. Anthu anali ngati nyerere. Mawu ake anali atakalamba, akutulukira pa mpata wa mano ndi kamluzu, koma ataponya ya mabatani bwalo lonse linavomera ngati bingu. Ankavomera ana obadwa nkhondo itatha, ankavomera amake Leonard, ndipo kutsogolo, pakati pa amayi ovina, anaona Marita, imvi zili mbuu, akuvomera ndi mawu ake a pansi aja ngati sipanachitike kanthu. Lestina analira ali pa nsanja, anthu n'kumati akulirira dziko. Atatsika, mayi wina wooneka bwino anamugwadira n'kumugwira dzanja. Anali Joan, tsopano mkazi wa mlembi wa chipani, ndipo anauza aliyense woyandikira kuti awa ndi amayi anga ondibereka.

Chaka chimenecho chinali chokoma kuposa zonse za moyo wake. Ankamunyamula pa lole kupita ku Kapichi, ku Makwasa, ku Luchenza. Ankapeka nyimbo za thangata, za msonkho, za chitaganya, ndipo zonse zinkavomeredwa. Anayamba kugona kwa Joan, akusewera ndi zidzukulu, ndipo kwa Eneless ankangopitako mwa apo ndi apo.

Ulendo wina atapitako anapeza nyumba palibe. Panali phulusa ndi mitengo yopserera. Anakamupeza Eneless kwa anzake a mpingo, atagona chafufumimba chifukwa msana wonse unali mikwingwirima. Anyamata a chipani anali atamupeza kumsewu n'kumufunsa khadi la chipani. Iye anayankha kuti chikhulupiriro chake sichilola. Anamupondera tomato, namukwapula ndi nthambi za bulugama anthu akuonerera, ndipo pochoka anakayatsa nyumba. Ankaimba pomukwapulapo. Nyimbo yake inali ya Lestina.

Lestina anapita kwa Stewart. Anamupeza akudya, ndipo Stewart anamusiya chiimire.

"Mayi, pomenya nkhondo udzu umapondedwa. Inu ntchito yanu ndi kuimba. Za makhadi tisiyireni ife."

"Munthu ameneyu anandisunga pamene inu nonse munanditaya."

"Ndiye mukamuuze agule khadi."

Joan anaona nkhope ya amake usiku umenewo, milomo ikugwedera yokha, ndipo anadziwa chimene chikubwera. "Amayi, chonde. Ndili ndi banja. Munandivutitsa kale ndili mwana, musandivutitsenso." Lestina analonjeza kuti aimba zakale zokhazokha, ndipo polonjezapo sankanama.

Msonkhano wotsatira unali waukulu, chisankho cha 1961 chili pafupi. Anaimba ya thangata, anthu n'kuvomera. Anaimba ya chitaganya. M'munsi mwa nsanja munaima anyamata a chipani, aliyense ndi ndodo yake, ndipo mmodzi wa iwo anamumwetulira n'kumukwezera ndodoyo momuchemerera. Lestina anapuma, naponya ina:

Fisi wa kutali tamupirikitsa,
watsala fisi wodziwa chitseko.
Dzanja ili khadi, dzanja ili moto,
mwawotcha nyumba ya mayi wamasiye.
A tcheyamani anenepa
ufulu usanafike.

Apa panalibe wofunika kumasulira. Wina chapakati pa bwalo anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Ndiye mayi wina anakuwa kuti, "Kapirikoni! Wagulidwa ndi azungu!" ndipo liwulo linayenda m'khamu ngati mphepo m'chimanga. Stewart sanalamule kanthu. Anangokhala pa mpando wake akupukuta magalasi.

Amene anamutsitsa pa nsanja sanali anyamata a ndodo aja. Anali amayi ovina, omwe anabwera nawo pa lole imodzi m'mawa. Anamuvula chitenje cha chipani, akuti sichimuyenera, n'kumusiya ndi kansalu ka m'kati. Amuna anatola zibuma ndi miyala. Ankamenya akunena kuti anthu anafera ufuluwu, ena anagona m'ndende, ndiye nkhalamba yopanda mano ikufuna kuutaya tsiku lomaliza. Ena ankati ufiti wake sunathe. Munthu wina anamuponda pakhosi ndi nsapato ya jombo n'kutsindika, ndipo Lestina anamva kanthu kakuphwanyika m'katimo ngati chikho chouma.

Ali gone pansi choncho anamva mawu a Joan pa chimkuzamawu. Anali atamukweza pa nsanja, mwamuna wake ali pambali. Mawuwo ankamveka bwalo lonse.

"Ine mayi ameneyu sindimudziwa. Anandithawa ndili wamng'ono. Amayi anga ndi chipani."

Anthu anawomba m'manja, ng'oma n'kuyambiranso.

Anthu a mpingo wa Eneless ndiwo anadzamutola madzulo, bwalo litatsala makoko a nzimbe okhaokha, n'kumunyamula pa chitseko. Sanafe. Anakhalanso chaka china ndi miyezi, m'kanyumba ka udzu kamene anawamangira iye ndi Eneless. Koma mawu sanabwerere. Ankangonong'ona, ndipo kumeza kunkamuvuta moti ankakhalira phala lamadzimadzi. Atapezako mphamvu anayesa kubwerera kumsewu, koma anyamata ankaima patsogolo pa tomato wake n'kumayang'ana aliyense woyandikira, mpaka tomatoyo ankaola pa mulu. Ana a sukulu akamadutsa ankamufunsa kuti, "Agogo, tatiimbireni," n'kuthawa akuseka. Iye ankawayang'ana ndi maso ouma. Eneless yekha ndiye ankati akaika khutu pafupi ankamva kuti mayiyo akupekabe, za anyamatawo, za ana a sukuluwo, ngakhale za Eneless mwini ndi mapemphero ake ataliatali.

Anamwalira m'dzinja la 1963, atawonda ngati bango. Chipani chinalengeza kuti wopita ku maliro a kapirikoni adzayankha yekha. Anyamata anakhala pa mphambano akudya nzimbe, akubweza aliyense wolowera njira ya kumanda. Kutatsala pang'ono kuti anyamule, mayi wina wachilendo anafika mozemba kudzera m'munda wa chinangwa, napereka nsalu yoyera yatsopano n'kunena kuti yachokera kwa munthu amene sakufuna kutchulidwa. Eneless anafuna kuibweza, koma panalibe ina, ndiye anamukulunga m'menemo.

Okumba anali amuna anayi, awiri mwa iwo okalamba. Mvula inali itadzaza dzenje, ndipo atafika m'chiuno anati basi, pakwana. Anamuika, nafotsera, n'kubalalika aliyense njira yake kuti asakumane ndi anyamata aja ali gulu.

M'mawa mwake Eneless anasenza dengu lake kupita kumsewu. Pa malo a Lestina anapeza patakhala kale mayi wina wogulitsa mbatata, amene anamupatsa moni n'kumupempha kuti asendeze pang'ono kabichi wake.